Ndinatseka Zenera M'kalasi

Lachinayi, Juni. Mzuzu yazizira, chifunga mpaka masana.

Lero ndimaphunzitsa a Fomu 4 ndakatulo ya munthu amene anamangidwa chifukwa cha zolemba zake. Nditafika pa ndime yonena za ndende, ndinanyamuka, n'kutseka zenera, n'kutsitsa mawu. Sindinazindikire n'komwe. Tamara, mtsikana wa ku Chibavi, anakweza mkono: "Madamu, kuno kumbuyo sitikumva. Mukunong'ona chomene. Mukuopa ndani?" Kalasi yonse inaseka.

Ine sindinaseke. Ndinaona bambo anga ku Zomba, ine ndili mwana, akutseka mazenera asanatulutse buku lawo loletsedwa lomwe analiveka chikuto cha buku la nyimbo za kutchalitchi. Ankatiwerengera monong'ona, amayi ataima pakhomo kuyang'anira. Tsiku lomwe anthu a boma anabwera kudzawatenga bambo, amayi analiponya pamoto bukulo.

Masiku ano mabuku oterowo ana akulembera mayeso. Bambo anamwalira kalekale, koma dzanja langali likutsekabe mazenera.

Mawa zeneralo ndilisiya lotsegula. Ndalemba choncho, koma kope lino ndikulibisa pansi pa matiresi, chikhalirecho ndimakhala ndekha.