Zithunzi za Taonga Zili ndi Mabowo

Ba Esnart, akulu anga,

Muli bwanji ku Joni kumeneko, pamodzi ndi alamu? Kuno ku Chelstone tilipo, kupatula miyendo yangayi. Mwana wanu Taonga akupitabe kwa ba kansela a zamaganizo ku Woodlands pa vuto lake lija lokana kudya, Lachinayi lililonse, mwezi wachisanu ndi chinayi uno. Tsopano amadya nafe patebulo, ngakhale kuti dzira limodzi amalidula tizidutswa mpaka lizizire.

Loweruka masana ndinatsitsa buku lathu la zithunzi kuti ndipukute fumbi. Pachithunzi chilichonse mwanayu anadzidulapo ndi lumo, mosamala kwambiri. Pa cha tsiku lake lobadwa, ine ndikumwetulira nditakumbatira bowo.

Potembenuka ndinamuona ataima pakhomo. Sindinamumve n'kubwera komwe.

"Mami, zioneka bwino chabe," anatero. "Ninali kutenga malo maningi."

Ndinafuna kukuwa, koma ba kansela anatiuza kuti tisamamukalipire, tizimufunsa modekha. Ndinamufunsa kumene anaika tizidutswato. Anati anadula chaka chatha asanayambe chithandizo, ndipo anatitaya. Kenaka anakhala pambali panga, nayang'ana bowo lija nthawi yaitali, n'kufunsa chapansipansi kuti tsikulo anavala diresi yamtundu wanji. Ndinalephera kukumbukira.

Chonde, fufuzani m'katundu wanu. Chithunzi chilichonse chimene Taonga alipo wathunthu mutitumizire msanga, wachipempha yekha. Muzimutchula m'mapemphero. Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Amake Taonga