Ndinanyoza filimu osadziwa kuti walemba ndi mwana wanga

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 59, makaniko wa mabasi kuno ku Xalapa. Nkhani yangayi mwina muiseka, koma ine yandisowetsa mtendere.

Pamene ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, pa wailesi ya kanema panayamba sewero la Chombo cha Ocelote, la anthu asanu oyenda mumlengalenga kufunafuna dziko loti akhalemo. Tinkakaonera kwa aneba Loweruka lililonse masana, titakhala pa simenti. Linatha zaka makumi awiri likuonetsedwa, ndipo ine sindinaphonyeko gawo. Lero ndine wapampando wa gulu la okonda seweroli mumzinda muno. Tilipo 64, timakumana mwezi ndi mwezi kuseri kwa shopu ya buledi ya mnzanga Fidencio, kumwa khofi ndi kukangana za magawo akale.

Chaka chino tinamva kuti aliyambitsanso, ulendo uno ngati filimu. Titaona kachidutswa kotsatsira, tonse tinapsa mtima. Kaputeni Barragán wa ndevu zake uja kulibe, chombo akuyendetsa ndi mdzukulu wake wamkazi. Loboti lathu Tuerca, lomwe linali ngati chitini cha mafuta choyenda pa matayala, alipatsa nkhope ya munthu. Fidencio anandijambula pa foni ndikulankhula, n'kuika pa intaneti. Ndinati, "Amene walemba zimenezi sanakhalepo pansi n'kuonera Ocelote. Ndi mlendo, ndipo seweroli salikonda." Anthu masauzande ambiri anaonera vidiyoyo.

Lamlungu lapitali mwana wanga Citlali anabwera kuchokera ku likulu, kumene amagwira ntchito yolemba masewero. Ndi mmodzi yekhayo amene ndili naye. Amayi ake anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ine sindinkadziwa momutonthozera, ndiye ndinkangomukhazika pamwendo n'kumuikira matepi a Ocelote. Tili mkati modya anandiuza modekha kuti, "Ababa, mlendo munkanena uja ndine. Olemba tilipo atatu, koma za mdzukulu wa Kaputeni ndinaganiza ndine. Anatiletsa kuulula mpaka sabata ino." Iye anaseka n'kuwonjezera kuti, "Komatu malaya munavala pa vidiyo ija anali osasita." Kenako anaika patebulo tikiti ya tsiku loyamba kuonetsa filimuyo, mpando woyandikana ndi wake.

Tsono tsiku loyamba kuonetsa filimu lomwelo ndi limene gulu lathu linapangana kale kukaima ndi zikwangwani panja pa holo yoonetseramo. Ganizolo ndinabweretsa ndine, basi yopitira ku likulu ndinapezanso ndine. Fidencio nditamunong'oneza za Citlali anangoti, "Achimwene, mwana ndi wanu, sindikana, koma Tuerca amuwononga." Ndipo kunena zoona, Aphungu, nkhope ya loboti ija sindikuikondabe. Kumunamiza mwana wanga sindifuna, kutaya anzanga a zaka zonsezi sindifunanso. Ndikakhale mkati kapena panja?

E.R.T., Xalapa

Bambo E.R.T.,

Mukakhale mkati. Yankho limenelo ndikukhulupirira mukulidziwa kale, mumangofuna wina akuuzeni. Ntchito yeniyeni ili pa zoyenera kuchita musanafike pampandopo.

Muimbireni Citlali lero, osati mawa. Kuseka kwake kusakupusitseni. Mawu anu aja anamulasa, anangobisa bala m'nthabwala ya malaya kuti inu musachite manyazi. Za nkhope ya loboti musapepese, ufulu woida muli nawo. Mupepese chifukwa munati seweroli salikonda. Taganizani bwino. Mtsikana amene anakulira pamwendo panu akuonera Kaputeni, wakula n'kulemba nkhani ya mtsikana amene walandira chombo kwa munthu wachikulire wam'banja mwake. Mukuganiza kuti polemba ankaona nkhope ya ndani?

Gulu lanu liuzeni nokha pa msonkhano wotsatira, asamve kwa ena. Nenani momveka kuti mmodzi wa olemba ndi mwana wanu, kuti munalankhula mopitirira, ndiponso kuti zionetserozo simutsogolera. Akumbutseni kuti nonse mwaweruza filimu ya maola awiri mutaona mphindi ziwiri zokha. Basi yapezeka kale, ndiye apempheni akwere, akalowe, akaonere, mkangano ubwere pambuyo. Ocelote wakale palibe amene akumufufuta, matepi anu ali pomwe munawasiya. A Fidencio akaumirira chikwangwani chawo, alekeni anyamule, mukawapatse moni pakhomo. Ubwenzi wanu ndi wolimba kuposa katoni yolembedwa ndi penti. Muwapemphenso akujambuleni vidiyo ina yaifupi, chifukwa mawu munanenera pagulu ndi oyenera kuwabweza pagulu.

Chenjezo langa ndi la nthawi yomwe filimu idzathe. Citlali adzakufunsani kuti mwaiona bwanji. Musamunamize, amakudziwani bwino kuposa mmene mukuganizira. Komanso musayambe ndi loboti. Muuzeni kaye chimene chakukhudzani, madandaulo adikire tsiku lina. Ndipo misozi ikabwera filimu ili mkati, musanamizire chimfine. Mulekeni aione.

Aphungu