Ndege ya Thokozire Yatulukira Padenga

Nsungwi, Area 25,
Lilongwe.
19 Okutobala, 2024.

Okondedwa alamu anga a Anock,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Kapiri pamodzi ndi akunyumba ndi ana. Ine kuno ndilipo. Ndimadzuka, ndimapita kushedi, ndimakhoma mbaula ndi ndowa, madzulo ndimabwerera. Foni ndili nayo, koma ndikakuimbirani timangokamba za feteleza mpaka mayunitsi kutha, ndiye ndati lero ndilembe.

Nkhani yoyamba ndi yoti ndasamuka. Eni nyumba aja, Mayi Hafsah, mwana wawo akukwatira, ndipo akufuna kuikonza mvula isanayambe kuti azikhalamo iyeyo. Ndapeza ina kuseri kwa msika. Katundu sanandivute, munthu wokhala yekha ali ndi chiyani? Chinandivuta ndi ndege.

Mukuikumbukira, ija munkandiseka nayo kuti ndikufuna kuthawa mlongo wanu pa ndege ya zitini. Tinaiyamba ndi mwana wathu Thokozire ali Sitandade 4. Ndege zopita ku Lumbadzi zikamadutsa ankasiya chilichonse n'kuthamangira panja, kenako tsiku lina anabwera ndi chithunzi chodula pakalendala n'kundiuza kuti akufuna yofanana ndendende. Tinkayeza chithunzicho ndi rula, iye n'kumachulukitsa, paja ine masamu anandikana kalekale. Ine ndinkadula zotsala za malata ndi kukhoma. Iye ntchito yake inali mawindo. Ankawadula ku mabotolo obiriwira apulasitiki ndi sizasi yosokera ya amayi ake, yoba, mlongo wanu Mirriam n'kumakalipa kuti ibuntha.

Mbali yakumanzere anaimaliza. Yakumanja sanaiyambe n'komwe, malungo aja anamutenga.

Chibwerereni kumanda, ndegeyo sindinaikhudzenso. Inkangolendewera kudenga ndi mawaya, akangaude atamangamo nyumba zawo. Mukudziwa kuti n'chimene chinabweretsa mlongo wanu kwanuko. Anati sangamagone pansi pa chinthu chimenecho, ndichichotse. Ine sindinakane, sindinavomerenso. Sikuti ndinkaikonda, sikuti ndinkadana nayo, manja okha ndi amene sankafuna kukwera m'mwamba. Nthawi ina ndinagula penti kuti ndidzikakamize, koma inaumira m'chitini.

Tsiku losamuka ndi pamene ndinaona uchitsiru wanga. Mmisiri wathunthu, woyeza ndowa za anthu tsiku ndi tsiku, ndinakhomerera mapiko m'nyumba osayeza khomo. Sekani alamu, ndakulolani. Ine ndi Rodgers, mnzanga wa kushedi, tinaitsitsa n'kuyesa chammbali, choimiritsa, ngakhale chamchira, koma paliponse imakodwa. Rodgers anati tidule phiko limodzi, tidzalumikiza. Tonse awiri tinkadziwa kuti sindidzalumikiza, ndipo mapeto ake idzapita kwa ogula zitsulo zakale. Ndinamupatsa ndekha sowo. Mumtima munalibe kanthu, ngati ndikumupatsa machesi.

Apo ndi pamene Mayi Hafsah anafika kudzatenga makiyi. Anaima pakhomo, anaona sowo ija, n'kunena kuti, "Bambo a Thoko, ndege ya mwana mukufuna kuitani?"

Alamu, anthu kuno anasiya kundiitana choncho. Ena amati amisiri, ena a Zebedee, kuopa kundikumbutsa, ngati kuti ndinaiwala. Ndinachedwa kutembenuka, ndinkayesa akuitana munthu wina.

Mayiwo anati malata ake ngakale, adzachotsedwa ndithu, ndiye tizule angapo m'malo modula chinthu cha mwana. Rodgers anakwera, anazula misomali, anachotsanso phaso limodzi. Ine ndinali pansi kukankha, iye pamwamba kukoka, phiko limodzi patsogolo. Oyandikana nawo anatuluka kudzaonerera, ana a m'mudzimo n'kumakuwa kuti ndege, ndege, monga ankachitira mnzawo. Nditatuluka panja ndinaipeza itakhala pamwamba pa denga, dzuwa likulowa m'mawindo aja. Ngokhotakhota, lina lalikulu, lina laling'ono, m'mphepete mukuoneka pamene sizasi inkaterereka. M'nyumba muja munali mdima, sindinkaziona zimenezi.

Sindinalire, musaganize zambiri. Ndinangoima.

Titaitsitsa, Mayi Hafsah anaizungulira ngati munthu wogula mbuzi, n'kuima mbali yakumanja. Anafunsa kuti, "Nanga okhala mbali ino aziona bwanji kunja?" Ndinawayankha kuti mawa, pongofuna kuti nkhani ithe. Koma mawa lake ndinadzipeza ndili kumsika ndikutola mabotolo obiriwira. Sindikudziwa kuti chinanditumiza ndi chiyani. Tsopano ndikaweruka ndimapukuta fumbi, ndimaboola windo limodzi, basi ndimasiya. Tsiku lina sindichita kanthu. Penti ndagula ina, ndipo iyi ndaitsegula.

Kunyumba yatsopanoyi nakonso ndegeyo yakana kulowa, ndiye ikukhala pakhonde, ndimaifunda ndi pepala lapulasitiki. Kudenga la kuchipinda kulibe chilichonse, mapaso okhaokha. Mwina mawu amenewa mungawafikitse kwa amene akufunika kuwamva.

Pempho langa ndi limodzi. Sizasi yanga ya malata ikung'alula pulasitiki, ndipo ndikayesa ndi mpeni mawindo akutuluka owongoka kwambiri, osafanana ndi a mbali inayo. Ikufunika sizasi yomwe ija. Ndaifunafuna posamuka, sindinaipeze, ndiye ndikuganiza kuti inapita ndi mwini wake, ngakhale makina osokera anawasiya kuno.

Mundiperekere moni kwa apongozi, muwauze kuti ndowa yawo ndinaikhoma kale, ikudikira wopita. Moni kwa akunyumba ndi ana onse. Moninso kwa Mayi a Thoko. Muwatchule choncho powapatsa moniwo, musaope. Muwauze kuti sindikuwafulumizitsa, mawindo atsala ambiri. Koma sizasiyo asapatsire kondakitala wa minibasi kapena munthu wina aliyense, zinthu zimasowa panjira. Adzabwere nayo okha.

Ndine mlamu wanu,

Bambo a Thoko