Ndinagula vinyo ndi chala chimodzi

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 74. Ndinaphunzitsa jogalafe zaka 36, ndipo kalatayi ndayilemba katatu chifukwa cha chimwemwe.

Mwezi watha loji ina ku Chembe inatsekedwa, katundu wake n'kugulitsidwa pa okushoni. Ndinapita kukafuna mipando inayi. Tsono ine ndili ndi chizolowezi cha kusukulu: ndikakhala pagulu ndimawerenga mitu ya anthu, chala chili m'mwamba. Ndinali pa munthu wa 41 pamene wogulitsa anamenya tebulo n'kufuula, "Zapita kwa agogo a duku lobiriwira!" Anthu m'manja phuphuphu. Ndinali nditagula mabotolo khumi ndi awiri a vinyo wofiira wa ku South Africa, wa chaka cha 2009, amene mwini loji ankasunga osagulitsa kwa alendo.

Ndikanatha kukana. Koma mtima unagunda ngati wa mtsikana, ndipo ndinalipira ndikuseka. Mipando sindinagule.

Ine vinyo ndimangodziwa wa pa Mgonero, kadontho kamodzi Lamulungu lililonse. Nditafika kunyumba ndinavala magalasi n'kuwerenga mapepala a pamabotolo. Asanu ndi limodzi ndi a mphesa za paphiri la miyala. Enawo ndi a mphesa zomwezo, koma za kuchigwa cha dongo. Mlimi mmodzi, mbewu imodzi, chaka chimodzi, chosiyana ndi dothi lokha! Aphungu, zaka zonsezi ndakhala ndikujambula mitundu ya dothi pabolodi, ana akuyasamula. Lero dothi lili m'botolo m'nyumba mwanga. Ndinavina m'khitchini, ndi bondo langa lovutali.

Chimene ndikufuna n'chochepa. Nditsegule awiri, la kuphiri ndi la kudongo, ndilawe, ndimve ndi lilime langa ngati zimene ndinkaphunzitsa zimamveka mkamwa.

Koma mwana wanga Howard, amene amakhala ku Blantyre, anati pafoni, "Amayi, musayerekeze! Ameneyo si wakumwa, ndi wosunga. Akamakalamba m'pamene amakwera mtengo. Dikirani mukwanitse zaka 80." Ndawerenga. Ndi masiku 2,103.

Kuno kwatentha. Mabotolo ndinawaimika pamwamba pa kabati kuti ndiziwaona, ndipo ndinawalemba manambala. Ndimayeza kutentha katatu patsiku: m'mawa madigiri 27, masana 36. Botolo la nambala 7 layamba kunyowa pakamwa, chotsekera chatukuka pang'ono, ndipo pa rula vinyo watsika mamilimita anayi. Ndinanunkhiza. Fungo lake ngati masau ouma! Ndinaseka ndekha mpaka a Mabel, oyandikana nane nyumba, anasuzumira pawindo nati, "Aphunzitsi, mwayamba kale osatiitana?"

Ndimvere mwana kapena lilime? Ndipo kodi n'zoona kuti dothi limasintha kukoma, kapena amangolemba kuti tigule?

M.J., Monkey Bay

Amayi M.J.,

Tsitsani mabotolowo pakabati, kenako mupitirize kuwerenga. Kutentha kwa m'nyumba kumasonkhana pamwamba.

A Howard sakunama kwenikweni. Alipo vinyo amene amakwera mtengo akamakalamba. Koma ogula vinyo wotere amayamba afunsa kumene anasungidwa, ndipo amafuna malo ozizira, madigiri pafupifupi 13 chaka chonse. Akangomva za Chembe ndi Monkey Bay, manja abweza m'thumba. Botolo la nambala 7 lakuuzani kale. Vinyo akatenthedwa amafufuma n'kukankha chotsekera, mpweya umalowa, ndipo pamapeto mumatsala ndi madzi owawasa. Zaka zisanu ndi chimodzi safika.

Gonekani mabotolo chammbali kuti zotsekera zisaume. Akhale pansi pasimenti, m'chipinda chamdima chimene dzuwa la masana silimenya khoma lake. Ngati muli ndi furiji, ndi bwino koposa.

La nambala 7 mutsegule sabata ino, pamodzi ndi limodzi la dothi linalo. Dzulo lake muwaimike kuti nsenga zikhazikike pansi, ndipo patsikulo muwaziziritse pang'ono m'beseni la madzi a mumtsuko. Tengani matambula awiri ofanana. A Mabel athire pang'onopang'ono inu mutatembenuka, kuti lilime lisabere mayeso. Mukapeza kuti lodonthalo lawawasa, musaimbe mlandu dothi. Tsegulani linzake.

Za dothi, n'zoona, koma musayembekeze kumva mwala mkamwa. Dothi limalamulira madzi. Pamiyala madzi sakhalitsa, mpesa umavutika, zipatso zimakhala zazing'ono ndi za khungu lochindikala, ndipo kawirikawiri vinyo wake amamanga lilime. Dongo limasunga chinyezi, mphesa zimapsa mwa mtundu wina. Mbatata ya kumchenga ndi ya kudambo mumaisiyanitsa osafunsa munthu, si choncho? Kusiyana kwa vinyo n'kobisika kuposa pamenepo, moti akatswiri omwe amakangana. Mwina mumva, mwina ayi. Lembani zimene mwamva musanafunse kuti tambula iti ndi iti.

A Howard muwauze zoona zake za kutentha, ndipo muwasungire mabotolo awiri a pa Khirisimasi. Munthu amene wapatsidwa tambula sachedwa kuiwala za mtengo.

Chenjezo langa ndi ili. Ngati mumamwa mankhwala a BP kapena a shuga, yambani mwafunsa kuchipatala, ndipo akakana, mungonunkhiza, a Mabel akulawireni. Akalola, theka la tambula, mutadya, mutakhala pansi. Koma lisadutse Loweruka, amayi. Botolo limenelo silikudikirani.

Aphungu