Malovu a pa Ulusi

Lachisanu, 9 Juni

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kunyumbako. Akundilembera kalatayi ndi mpongozi wanga, ndipo wandichenjeza kale kuti pepala ndi limodzi.

Amene anayamba kundiuza nkhani ya malovu ndi namwino wina wamtali wa kuchipatala kumene ankawotcha ndi makina chotupa chija cha pakhosi pa ang'ono anu. Ine ndinkadandaula kuti bambowa akumwa madzi ngati ng'ombe koma m'kamwa muli gwa. Iye anati, "Agogo, malovu si madzi okha. Muli tinthu tina tonanda, ife timati myusini, timene timagwira madzi n'kumatirira m'kamwa. Tomweto tili m'mamina, timakola fumbi lisafike m'mapapo. Tili m'maso. Tilinso m'mimba, timaphimba chifu kuti chisadzigaye chokha. Tsono makina aja powotcha chotupa apsereza ndi timatumba totulutsa malovu." Ndinamufunsa ngati malovuwo adzabwerere. Iye anayamba kusuntha mabotolo pa tebulo.

Taganizani alamu, zaka zonsezi ndakhala ndikuwakalipira ang'ono anu chifukwa chokhosomola ndi kulavula kuseri kwa nyumba m'mawa uliwonse. Lero kuseriko kuli zii, ndipo sindikukondwa nako.

Kudya akudya, zamadzimadzi, pang'onopang'ono, musade nkhawa. Chawapweteka ndi ntchito. Mukudziwa mmene telala amachitira: aluma ulusi, aunyambita, aupota ndi zala, walowa pa singano. Iwo akauika pakamwa umatuluka wouma, nsonga itayala ngati tsache. Anayesa kuuviika m'kapu, koma madzi sagwira, ukafika pa bowo umabalalikanso. Mpongozi anawagulira kawaya kolowetsera ulusi, iwo n'kukathyola tsiku lomwelo.

Dzana masana ndinawapeza atakhala pa makina awo osokera, buluku la aphunzitsi lili pamiyendo, ulusi uli m'manja, akungoyang'ana khoma.

"Ndamuuza wokonza njinga uja abwere mawa adzatenge makinawa," anatero, mawu ali osasa. "Mkazi wake akufuna kuphunzira kusoka."

"Nanga inu muzidzatani?"

"Ndizidzamvera nkhani zanu. Si ntchito yochepa imeneyo."

Ndinaseka, koma mtima unali m'mwamba. Ang'ono anuwa ndimawadziwa. Makinawo akangotuluka pakhomo, iwo akagona pa bedi, ndipo sipadzakhalanso chowadzutsa.

Kutacha, ndisanasese n'komwe, ndinakoka mpando n'kukhala pambali pawo. Anali akupukuta makinawo ndi kansalu kuti apite oyera. Ndinatenga ulusi wakuda, ndinauluma, ndinaunyambita, n'kuwapatsira. Anauyang'ana nthawi yaitali osaulandira.

"Malovu a munthu wina pa buluku la aphunzitsi?"

"Munthu wina ndani? Ana onsewa ndinabereka ndi a neba?"

Anaulandira, anaupota, ndipo unalowa kamodzi. Anapukusa mutu. "Inu ndiye malovu sangakuthereni. Pakamwa panu sipadziwa tchuthi."

Wokonza njinga atafika ndi wilibala anapeza makina akulira, ine ndili poteropo kudikira kuti ulusi uduke. Ang'ono anu sanadzutse ndi mutu womwe. Anangoti, "Achimwene, mubwere mwezi wamawa." Ndinamvetsera bwino, alamu. Sananene kuti asabwerenso.

Mpongozi akuti pepala latha. Mundiperekere moni kwa mayi akunyumba ndi adzukulu onse, muwauze kuti kuno tilipo. Ang'ono anu akuti jekete limene mumavala kutchalitchi likuwachititsa manyazi, akufuna akusokereni lina. Akuti musatumize miyeso, mubwere nokha adzakuyezeni ndi manja awo. Ine changa n'chimodzi: musadikire kuti lakalelo ling'ambike.

Ndine mlamu wanu,
Mkazi wa telala