Mapulamu Akugwa

Bembeke, Dedza
9 Disembala

Godfrey,

Wandiyalutsa. Loweruka lapitali a Zefaniya, malume awo a akazi ako, anatsika panjinga pakhomo panga kuchokera ku Mayani, chipewa osavula, n'kundimvetsera mawu ako pafoni yawo. Ndinamva ndi makutu angawa ukunena kuti abwere adzatenge mwana wawo, ukwati watha. Ukwati umene ndinauyendera ine ndi miyendo yanga kukapempha chitengwa, iwe ukuuthetsa ndi chala chimodzi uli ku Joni? Anena kuti adzawatenga a Sophie, amake Mervis, Lamulungu la pa 21 mwezi uno.

Moni ndikupatsabe, poti ndiwe mwana wanga. Uli bwanji kumeneko? Chifuwa chija chinatha? Kuno tilipo. Mawondo ndi omwewa, amadziwa za mvula wailesi isananene. Mwana wako Mervis watalika, wagula mano. Chimanga chamera bwino, kachewere takwezera.

Akundilembera ndi azakhali ako a Magadalena. Iwowo anapita kusukulu, ine ndinali kubusa. Koma mawu ndi anga, ndipo ndawauza kuti akamaliza andiwerengere. Ndikapeza achotsapo kapena awonjezapo, tiyambiranso. Pafoni sindifuna. Pafoni munthu amalankhula mutu usanafike, ndipo n'zimene zatifikitsa pano.

Tsono khala pansi umve.

Mitengo yanga isanu ndi inayi ya mapulamu ukuidziwa. Ndinaimezanitsa ndi manja anga iwe usanabadwe, anthu akundiseka kuti ndikumanga mabala a mitengo ngati dokotala. Lamulo langa ukulidziwanso: wothyola ndine ndekha, zakugwa n'za nkhumba. Amako, mzimu wawo uuse mumtendere, analisunga lamuloli zaka makumi atatu osaphwanya. Apa azakhali ako akuseka, sindikudziwa chimene akuseka.

Chaka chatha ndinayamba kuona kuti m'mawa pansi pa mitengo pakumakhala poyera, nkhumba zili kulira. Tsiku lina ndinawaona amake Mervis atawerama ndi lichero, akutola. Mapulamu atatha, anayamba kukwera minibasi ya ku boma kawiri pamwezi, ndi dengu lovindikira ndi chitenje. Popita lolemera, pobwera lopepuka.

Ukudziwa wekha kuti munthu safunsa apongozi ake maso ndi maso. Tikakumana panjira iwo amapatuka n'kugwada, ine ndimayang'ana kuphiri. Akanakhala moyo amako, ndikanawatuma kukhitchini, nkhani ikanatha madzi asanawire. Azakhali akowa analipo, koma tinali titayambana pa malire a dimba, sindikanawapempha ngakhale moto. Ndiye ndinasunga m'mimba, zinatupa. Utaimba pa Pasaka ndinakutulira iwe. Ndinati akazi ako akuba zipatso zanga, ndiponso ayamba kuyendayenda ku boma, sitidziwa amene amakamuona.

Ndinanena, sindikana. Koma iwe nzeru unazisiya pa Mwanza podutsa malire? Nkhalamba ikalankhula ndi mkwiyo, mwana wanzeru amati ndamva bambo, n'kukafunsa akazi ake. Iwe unangosiya kuwaimbira, miyezi isanu ndi iwiri duu, kenako n'kutumiza mawu kwa ankhoswe osandiuza ine.

Imva zimene zachitika kuno iwe uli chete.

Pa chikondwerero cha Khristu Mfumu, Misa itatha, amayi a mphakati wathu anakonza chakudya kuseri kwa tchalitchi. Pamapeto panabwera keke. Si zija za m'golosale zouma ngati chinkhupule ayi. Pamwamba pake panagona zipatso zofiira zong'ambidwa pakati, madzi ake atalowerera mkati mpaka keke kufiira theka, m'mbali mwapsa pang'ono mokhukhuluza bwino. Ukaluma, poyamba kutsekemera, kenako kakuwawasa kobwera mochedwa, kokukumbutsa kuti ukudya chipatso osati shuga. Ndinadya zidutswa zitatu. Azakhali ako akuti zinayi. Lembani zitatu.

Nditakhuta, pakamwa panatseguka. Ndinauza azibambo anzanga mokweza kuti awa ndi manja a masisitere, osati akazi a m'midzi yathuyi. Ndinawonjeza kuti kwanga kuli wina amene luso lake n'kulimbirana zakugwa ndi nkhumba. Azibambo anaseka. Amayi sanaseke.

Azakhali ako, amene tinatha chaka osapatsana moni, anabwera n'kugwada ngati akudzatenga mbale. Anandinong'oneza kuti achimwene tsekani pakamwa, mwadyazo n'za mtengo wanu wa kuseri kwa khola, zomwe zija munagawira nkhumba, ndipo wophikayo ndi uyo akutsuka kapu yanu apoyo. Nditatembenuka, ndinawaona amake Mervis atawerama pa beseni. Sanadzutse mutu.

Kunena zoona lilime langa linali litandiuza kale kuti chipatsochi ndikuchidziwa. Ku Bembeke konse kulibe mtengo wina wowawasa mwaulemu choncho. Kungoti sindinalimvere.

Nditafika kunyumba ndinapeza chidutswa china pakhonde panga, chovindikira ndi mbale. Mawu panalibe. Ndinakhala nacho nthawi yaitali ndikuchiyang'ana, kenako ndinadya. Munthu sutaya chakudya chifukwa cha manyazi.

Patapita masiku anayi kunagwa matalala aakulu ngati mazira a nkhunda. Kanthawi kochepa chabe, koma pansi pa mitengo panafiira. Zotsala m'mwamba zinali zipsera zokhazokha. Mavenda a mumsewu anabwera, anagwiragwira, anati zovulala sagula. Zokolola za chaka chonse, mwana wanga, zili gonegone m'matope.

Ndinatuma azakhali ako kuti akawauze apongozi kuti nkhumba zakhuta. Anandifunsa kuti uthenga wake ndi womwewo basi? Ndinati iwo amva.

Anamvadi. Masiku atatu utsi sunaleke kukhitchini, akuphika jamu wa zovulala zija. Ine ndinakakhala pa chitsa chapafupi ndikusema mpini wa khasu, msana ndawalozetsa theka. Mpini umenewo ndinausema mpaka unatsala ngati mthiko.

Godfrey, ndakhala zaka makumi asanu ndi awiri, ndaona osula, ndaona omanga matchalitchi. Munthu wodziwa ntchito ndimamudziwa ndi kusathamanga kwa manja ake. Akazi akowa sathamanga. Chipatso chilichonse amachitembenuza, pamene pavulala amadula, chotsala mumphika. Zakupsa amasakaniza ndi zosapsetsa, akuti zakupsa zimapereka kukoma, zosapsetsa n'zimene zimalimbitsa jamu. Nthangala za mandimu amazimanga m'kansalu koyera n'kuponyamo. Sikelo alibe, amayeza ndi kapu imodzi yomweyo yothyoka chogwirira. Shuga amathira zipatso zitafewa kale, akuti ukafulumira makoko amauma ngati chikopa. Akatero amaima pamoto kutakasa, thovu akuengula ndi chipande, nthunzi ikuwaotcha kumaso, osachokapo ngakhale mbuzi ilowe m'dimba.

Pofuna kudziwa ngati wapsa, amadontheza pang'ono pa mbale imene yakhala m'madzi ozizira a pachitsime, n'kukankha ndi chala. Akachita makwinya ngati nkhope yangayi, ndiye wapsa. Mabotolo amayamba awawiritsa, amathira jamu akali wotentha, n'kutseka pomwepo. Ukaika botolo padzuwa, kufiira kwake ngati magalasi a m'mawindo a tchalitchi. Ine amene ndinabzala mitengoyo sindinadziwe kuti muli mtundu wotere.

Nanga keke ija? Uvuni alibe. Amathira mchenga wa kumtsinje m'sefuliya yaikulu, poto wa keke pamwamba pa mchengawo, kenako lata ndi makala pamwamba, moto pansi ndi pamwamba. Mapulamu amawayala pansi pa poto ndi shuga pang'ono, ufa wokanda ndi mazira ndi chambiko amathira pamwamba pake. Savundukula kuti aone, amangonunkhiza. Ikapsa amaitembenuzira pa mbale kamodzi n'kamodzi, zapansi zija n'kukhala pamwamba. Ndinaona akutembenuza, ndinapezeka ndaimirira, mpini uli pansi.

Zonsezi akazi ako ankafotokozera azakhali ako, koma mokweza pang'ono, mwina kuti wosema mpini amveko. Akuti anaphunzira kwa malemu bambo awo, amene anali khukhi ku Blantyre. Zaka zisanu ndi zinayi munthu wotere ali pakhomo panga, ine ndikupatsa nkhumba zipangizo zake.

Za dengu lija sindinafune kumva kwa munthu. Ndinakwera minibasi ndekha mpaka ku boma, ndinafunsira mpaka ndinafika pa golosale ya mayi Asha. Mabotolo aja ndinawapeza atandandalika pashelefu. Mayiwo atamva kuti ndine mwini mitengo anandipatsa mpando, anati anthu a magalimoto a ku Lilongwe amaima dala kufunsa jamu wa ku Bembeke, akamusowa amakwiya ngati wawalakwira. Anatinso ndili ndi mwayi, apongozi otere iwo akanawabisa m'nyumba kuopa olanda. Munthu amene akazi ako amakamuona ku boma ndi ameneyo, mayi wa imvi, woyenda ndi ndodo ngati ine.

Ndinabwerera ndili ndi maganizo oti ndikuimbire ndikonze. Ndinachedwa masiku atatu kufunafuna poyambira. Tsiku lachinayi lake ndi lomwe anafika a Zefaniya ndi mawu ako.

Ndinawauza kuti pakhomo pano satuluka munthu ine ndili moyo. Anandiyankha mwaulemu kuti bambo, mawu anatuluka pakamwa pa mwamuna, abwezedwe ndi pakamwa pomwepo, iwo sangasiye mwana wa mlongo wawo pamene mwini wake wamukana. Ndinafuna kukwiya, koma ananena zoona.

Lamulungu, titaweruka ku Misa, ndinachita chimene sindinachitepo. Ndinagwira thadzi langa lalikulu, ndinatenga azakhali ako, tinakakhala pakhonde pa akazi ako. Ndinapereka nkhukuyo kuti andilole kulankhula nawo pakamwa ndi pakamwa. Anakhala pamphasa cham'mbali, akuyang'ana kukhoma. Ndinawauza kuti moto umenewu ndinauyatsa ndine, ndinanena zonse zimene ndinakuuza pa Pasaka, osachotsapo.

Anayankha motsitsa kuti ankadziwa. Tsiku la foni lija anali kuseri kwa nkhokwe akupeta, ndipo ine pafoni ndimakuwa ngati ndikuitana munthu wa tsidya lina.

Miyezi isanu ndi iwiri, Godfrey. Akudziwa. Madzi anga osamba sanaphonyepo kutentha, ndiwo zanga sizinachepepo mchere. Ndinafunsa kuti bwanji sananene. Anati akananena kwa yani, poti kwa ine sangalankhule, ndipo iwe foni sunkayankha.

Pamenepo ndinati mitengo isanu ya kumtunda ndawapatsa, athyole okha, zakugwa ndi zam'mwamba zomwe, mboni ndi a Magadalena. Sindinapatsepo munthu ngakhale nthambi, iwe ukudziwa. Akazi ako anaomba m'manja kuthokoza, kenako anati bambo, ine sindinakwatiwe ndi mitengo. Akuti amene ananena kuti pita ndi yemweyo anene kuti khala, ndipo anenere pamaso pa ankhoswe, osati pafoni. Anawonjeza kuti ngakhale ubwere sakulonjeza kanthu, ayamba amva kaye zimene unene.

Ndikanakhala mkazi ndikanayankha chimodzimodzi, mwina moposa.

Ndiye ndazindikira chifukwa chake ankafotokozera azakhali ako chilichonse masiku aja. Anali atadziwiratu kumene kukhala chete kwako kukupita, ankasiya ntchito m'manja mwa otsala kuti zipatso zanga zisadzawole iwo atachoka. Ganiza, munthu tamunyoza, iye akutiganizira za chaka chamawa. Azakhali ako ayesera dzulo kuphika jamu paokha, mwatuluka phula lomatira msewu. Akuti ndisanene zimenezo. Lembani.

Panopa akazi ako ayamba kuchapa zofunda zawo n'kumapinda. Mphika waukulu uja aukwecha, auvundikira pathandala. Akachoka apita ndi Mervis, chifukwa mwana wamng'ono amatsata amake, ndipo ine sindingaletse. Nditsala ndi nkhumba ndi mitengo isanu ndi inayi.

Usaganize kuti ndikulirira keke. Mano oidyera atsala ochepa. Ndikunena kuti m'banja mwathu simunalowepo munthu wa manja ndi mtima ngati ameneyu, kupatula amako, ndipo amako akanakhala pano akanavomera. Ukamutaya, akamutola ena sabata isanathe, ndipo adzachita bwino kumutola.

Kalatayi wanyamula ndi msuweni wako Themba, anyamuka mawa. Ndamuuza akupatse m'manja, aime pomwepo mpaka uwerenge yonse. Upereke moni kwa ana onse a kwathu kuno amene uli nawo kumeneko, uwauze kuti makolo awo alipo, mvula ikugwa. Azakhali ako akuti moni, zina akauza okha ukafika. Ambuye akusunge pantchito ndi panjira, akubwezere nzeru zimene unabadwa nazo.

Tsiku limene ulandire kalatayi uwaimbire a Zefaniya, uwapemphe adikire. Ukatero ukapemphe tchuthi kwa abwana ako, akakana uwauze kuti kwanu kwagwa zovuta, sukhala ukunama. Kwera basi, Godfrey. Ufike kuno pasanafike pa 21, ukhale pamphasa pamaso pa a Zefaniya ndi ine, ubweze mawu ako, uwapepese akazi ako. Ine ndapepesa kale, ndi imvi zangazi, ndipo sindinafe.

Ndine bambo ako,
Gerevazio Ngozo
(chidindo cha chala changa ndi ichi)