Mng'alu umene ndinaphimba ndi penti

Amayi, kodi kumene muliko mwadzuka bwanji?

Ife kuno ku Chinamwali tilipo, koma moyo wake ndi wongokankha. Mpongozi wanu Esinati anachira mu Febuluwale, kunabadwa mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Chipumi ndi chanu chomwe chija. Akafuna kulira amayamba wakwinya nkhope ngati mmene munkachitira wogula akanenerera mopitirira. Chimanga sichinachite bwino chifukwa fetereza tinathira mochedwa. Achemwali ku Mbedza mwendo uja ukuwavutabe, kutchalitchi amapita pa kabaza.

Koma chimene ndatengera cholembera si chimenechi. Amayi, njinga ija ndagulitsa.

Mukuikumbukira, yokwerera mapiri ija, ya pa kaunjika, imene munandithandiza kugula ndi ndalama za mbatata. Munkandiseka kuti ndimaipukuta kuposa mmene ndimasambira. Mutamwalira ndinaisintha. Ndinachotsa foloko yolemera ija n'kuika yopepuka, matayala ndinaika ocheperako, chiwongolero n'kuika chopindika ngati nyanga za nkhosa, kuti izithamanga bwino m'misewu yafumbi ya pamwamba pa phiri ndikamaperekeza alendo. Inasanduka njinga yoti anthu n'kumaitembenukira.

Chaka chatha ndinagwa nayo kufupi ndi damu la Mulunguzi. Ine ndinangosupuka, koma iyo inang'aluka pakhosi, pamene chiwongolero chimalumikizana ndi felemu. Che Yusufu owotcherera aja anailumikiza, koma sanandibisire. Anati kumsika indifikitsa, koma ndisadzayerekeze kutsika nayo phiri, chifukwa tsiku lina idzathyoka popanda kutsanzika. Ndinapaka penti yakuda pamenepo, kuphiri n'kusiya kupita.

Kenako mphepo inasasula denga, mwana ali ndi masabata atatu. Tinkamugoneka pansi pa pepala la pulasitiki. Ndinajambula njinga n'kulengeza pafoni kuti ndikugulitsa. Anabwera a Nyirenda, aphunzitsi a kusekondale, munthu wochokera kumpoto, wofatsa, woseka msanga. Anaizungulira, anayesa magiya ndi mabuleki, kenako anandifunsa ngati ili ndi vuto lililonse. Amayi, ndinayankha kuti ilibe. Ndipo poyankhapo dzanja langa linali litagwira pakhosi pomwepo, kuphimba pamene panawotchereredwa. Anaona buku la nyimbo m'thumba la malaya anga, nati munthu wa kwaya sangawanamize. Sananenerere n'komwe.

Inu munkagulitsa mbatata m'mbali mwa msewu wokwera kuphiri zaka zonse zija. Anzanu ankaika zing'onozing'ono pansi pa ndowa, zikuluzikulu pamwamba. Tsiku limene ndinayesa kuchita chimodzimodzi munakhuthula ndowa yonse wogula akuona, n'kundiuza kuti, "Wogula amayang'ana pamwamba, koma Mulungu amayambira pansi pa ndowa." Ndinali Sitandade 5. Ndinkayesa kuti mawuwo anandilowa.

Ndalama za njingayo tinagulira malata n'kukhoma, m'nyumba simukudonthanso. Koma mvula ikamagwa padengapo sindimva mtendere. A Nyirenda amakwera phiri Loweruka lililonse, ndipo apita nayo kale njinga ija katatu. Ambulansi ikalira mumsewu ndimasiya chimene ndagwira. Lamulungu lapitali anzanga akupita kukalandira mgonero ine ndinakhala pabenchi, maso pansi. Esinati akuti mwina ndi malungo, anandigulira mankhwala. Ndinamwa, Amayi, kuopa kumuuza.

Dzana ndinakumana nawo m'tauni. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, kuthokoza kuti njinga ikuuluka. Akuti msewu wa tala wawakwana, Loweruka likubwerali akufuna kutsikira njira yamiyala ija imene inu munkatsikira mutasenza mbatata. Mukuidziwa kutsetsereka kwake. Ndinatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka n'chakuti ayende bwino.

Ndapemphera, koma pemphero likungobwerera. Ndaona kuti n'kosatheka kupempha Mulungu kuti agwirizize chitsulo chimene ine ndikudziwa kuti n'chothyoka. "Kulapa kwa pakamwa n'kwaulere," munkatero, "kulapa kwenikweni kumatuluka m'thumba."

Ndiye mverani, Amayi. Lero ndimuuza Esinati zonse, akalipe mmene angakalipire. Loweruka m'mamawa ndikaima pamalo panu paja, pansi pa mkungudza pamene munkaika ndowa, chifukwa a Nyirenda sangakwere osadutsa pamenepo. Ndanola kale kampeni. Ndikawaimitsa, n'kupala pentiyo iwo akuona. Akafuna ndalama zawo, ndilibe kwina kozitenga. Ndikazula malata aja limodzilimodzi n'kuwagulitsa, mdzukulu wanu abwerere pansi pa pulasitiki mpaka Mulungu atatiganizira. Zikundiopsa, sindikubisirani. Mwina mbiri ifika mpaka kukwaya.

Koma njinga ija sitsikanso phiri ndi munthu pamsana. Ili ndi lonjezo langa kwa inu.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri sabata ino.

Ine mwana wanu,
Fatsani